Tikusamukira ku Tete ine ndi abambo akunyumba, odziwa tithandizeni

MayiWaChilomoni:
Moni nonse. Abambo akunyumba apeza ntchito ya umakaniko ku kampani ina yokonza magalimoto a kumigodi ya malasha ku Moatize, kontirakiti ya zaka 2, ndiye inenso sukulu ina ya pulayiveti mu Tete momwemo yati nditha kukaphunzitsa Chingelezi. Mapasipoti tili nawo kale. Chikundisowetsa tulo ndi ana, wamkulu ali Sitandade 7 chaka cha mawa alemba mayeso, wamng'ono ali ndi zaka 4. Tiwatenge kapena tiwasiyire agogo awo ku Chirimba? Nanga mapepala tiyambire pati? Ndimafuna ndisiye ntchito kuno mwezi uno koma mtima ukukana.

BamboAMphatso:
Mayi, mtima wanuwo umvereni, musasiye ntchito kaye. Ine ndagwirako kumeneko zaka 3. Ife aMalawi timalowa ku Mozambique opanda viza inde, amakudindira masiku 30 pa Zobue ukangodutsa boda ya Mwanza, koma chidindo chimenecho ndi cha mlendo, sichikulola kugwira ntchito. Pemiti ya ntchito amaitanitsa ndi okulembani ntchitowo, osati inu, ndipo boma lawo limaika malire a alendo amene kampani ingalembe, ndiye bwana akhoza kukulonjezani ndi mtima wabwinobwino koma malo a mlendo atadzaza kale. Pemiti ya amuna anu siikuphimba inu ayi, sukuluyo ikuyenera kukupangirani yanuyanu, ndipo afunseni molimba mtima kuti anayambapo alembera mlendo? Kenako pali DIRE, chiphaso chokhalira m'dzikomo. Panopa yambani ndi kalata ya kupolisi yoti mulibe mlandu, masatifiketi anu, kalata ya ukwati ndi za kubadwa kwa ana, zonsezo adzafuna zitamasuliridwa mu Chipwitikizi. Ine ndinanyamuka ndi lonjezo la pakamwa, miyezi iwiri yoyamba ndinangokhala pa nyumba ya mnzanga ndalama zikutha, ku Blantyre lendi ikundidikira, sindifuna wina adutsemo.

NaPhiri_Ndirande:
Achemwali, wa Sitandade 7 yo msiyeni amalize. Sukulu zambiri za boma kumeneko ndi za Chipwitikizi, mwana angakayambirenso pansi, ndipo zophunzitsa mu Chingelezi fizi yake mufunse kaye musanalote. Chaka chawo cha sukulu chimayambanso koyambirira kwa chaka pomwe ife timatsegulira September, ndiye angataye miyezi pakatipo. Koma musangomutula kwa agogo basi, khalani naye pansi mumuuze bwinobwino chifukwa chake, mwana wa msinkhu umenewo amaona ngati mwasankha mng'ono wakeyo. Ubwino wake Tete si kutali, mukanyamuka m'mawa masana muli ku Chirimba, ndiye muzibwera mwezi ndi mwezi. Wamng'onoyo mutengeni, chilankhulo adzachigwira kukuposani nonse.

Kondwa_BT:
Kutentha aise. October, November kumadutsa madigiri 40, ngati kwa ku Nchalo komwe timadandaula kuja, ndiye pofuna nyumba funsani za madzi ndi fani kapena eyakoni musanafunse za matailosi. Neti musaiwale, malungo aliko. Kumsika simuvutika kwenikweni, Chinyungwe chimamvekako kwa munthu wa Chichewa, koma ku ofesi, ku banki ndi apolisi apamsewu ndi Chipwitikizi, yambani kuphunzira manambala ndi moni panopa. Komanso afunse abambowo, salale izibwera mu meticais kapena madola, nanga chipatala alipira ndani? Zilembedwe mu kontirakitimo.

MayiWaChilomoni:
Zikomo kwambiri nonse. Bambo a Mphatso mwanditsegula maso, ine ndimayesa pemiti ya abambo ikwanira banja lonse. Ndawaimbira a sukulu aja masana ano, akuti andiyankha Lachisanu za pemitiyo, ndiye kalata yosiyira ntchito ndaibweza mu chikwama. Tagwirizana kuti abambo atsogole okha akaone nyumba, ine nditsala ndi ana mpaka temu ithe. Mwana wamkuluyo tiyankhula naye Lamulungu tikachoka kutchalitchi. Amene akudziwa womasulira mapepala mu Chipwitikizi wovomerezeka muno mu Blantyre andilozere chonde.