Kodi amene amatibweretsera mpira pa kanema amagwira ntchito yotani, ndipo munthu amayambira pati?

Mnyamata wa ku Chilomoni analemba kuti:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso limene lakhala likundizungulira m'mutu kuyambira pa 25 Januwale 2022, tsiku limene Flames inasewera ndi Morocco ku Yaoundé mu ndime ya matimu 16 ya mpikisano wa AFCON. Pamene Gabadinho Mhango anawombera mpira uja ali kutali kwambiri ndi golo, n'kudutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco Yassine Bounou, tonse amene tinali m'chipinda choonetsera mpira tinadumpha ndi kukuwa. Koma titakhala pansi, ine ndinadabwa kuona chigoli chomwecho chikubwerezedwa kuchokera mbali zosiyanasiyana, pena mwapang'onopang'ono, pasanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Palibe amene ankayembekezera kuti munthu angawombere pamalo pamene paja, masewera atangotha mphindi 7 zokha, nanga anthu a makamera anadziwa bwanji kuti alozetse makina awo kumeneko?

Ndinaphunzira za utolankhani ndipo pakadali pano ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe pogwiritsa ntchito kamera yobwereka. Mtima wanga uli pa ntchito youlutsa masewera. Ndikupempha amene anagwirapo ntchitoyi pa mpikisano waukulu kuti andifotokozere mmene imayendera, amene amasankha chithunzi chimene timaona, komanso khomo limene munthu ngati ine angalowere.

Wakale wa ku Joni anayankha kuti:

Mphwanga, funso lako landikumbutsa chaka cha 2010, pamene ndinapeza ganyu kudzera ku kampani ina yomwe inkasonkhanitsa anthu othandiza akatswiri pa World Cup ya ku South Africa. Ndiyambe ndi kukuyankha za Mhango. Palibe wa kamera amene anadziwa. Chinsinsi chake n'chakuti kamera iliyonse imapatsidwa ntchito yake masewera asanayambe, ndipo imajambula mosalekeza kwa mphindi zonse 90, kaya chithunzi chake chikuonetsedwa kwa anthu kaya ayi. Pali kamera yaikulu imene imakhala pamwamba, moyang'anizana ndi mzere wapakati, ndipo ntchito yake ndi kutsata mpira mosautaya ngakhale kamodzi. Pambali pake pamakhala ina yotsata nkhope ya amene ali ndi mpira. Ena amakhala moyang'anizana ndi bokosi la penate kuti aone za ofusayidi, ena kumbuyo kwa golo, wina amangoyang'ana makochi basi. Choncho chodabwitsa chikachitika, chimapezeka kuti chagwera kale m'maso mwa makamera angapo.

Pa World Cup ya 2010 ija masewera onse 64, m'mabwalo 10, ankajambulidwa ndi kampani imodzi ya Host Broadcast Services, imene FIFA inayamba kugwira nayo ntchito pa World Cup ya 2002. Masewera aliwonse ankakhala ndi makamera pafupifupi 30. Zithunzi zonse zinkapita ku likulu loulutsira limene linamangidwa ku Nasrec, pafupi ndi bwalo la Soccer City ku Johannesburg, ndipo kuchokera pamenepo n'kumagawidwa ku mawailesi a kanema a dziko lonse. Izi zikutanthauza kuti munthu wa ku Mzuzu ndi munthu wa ku Tokyo ankaona chithunzi chimodzi, chosankhidwa ndi dayirekitala mmodzi, ndipo wailesi iliyonse inkangowonjezerapo mawu a olengeza ake. Anthu ambiri akamadandaula kuti wailesi yawo sinabwereze penate yokayikitsa, sadziwa kuti kawirikawiri wailesiyo ilibe ulamuliro pa makamera a m'bwalo.

Ine ntchito yanga inali ya nthambo. Tinayamba kutatsala masiku ambiri kuti mpikisano uyambe, tikukoka nthambo zolemera kuchokera pamene panali zipinda zoulutsira kukafika pamalo a kamera iliyonse, kudutsa m'makonde, pansi pa masitepe ndi m'mphepete mwa bwalo, ndipo iliyonse tinkaimata ndi tepi ndi kuilemba nambala kumapeto onse awiri. Pa tsiku la masewera ndinkayima kumbuyo kwa mkulu wina wa kamera yonyamula paphewa, ndikumumasulira nthambo akamathamanga ndi kuikulunga akamabwerera, kuti asapunthwe kapena kukola wosewera. Juni wa ku Johannesburg ndi wozizira kuposa wa ku Dedza, ndipo masewera ausiku ankayamba 8:30, moti zala zinkauma mpaka osamva kuti wagwira chinthu. Pa 11 Juni, Siphiwe Tshabalala atagoletsa chigoli choyamba cha mpikisano polimbana ndi Mexico, anthu oposa 80,000 anaphulika ndi chimwemwe, koma ine maso anali pansi, pa nthambo imene inali itapindika pafupi ndi phazi la mkulu uja. Chigolicho ndinakachionera kunyumba usiku, pa nkhani. Sindidandaula nazo, chifukwa mkulu uja anathamanga bwinobwino osakodwa, ndipo ntchito imene anandilembera inali imeneyo.

Chinthu china chimene sindinkachidziwa ndisanalowe ndi chakuti wa kamera samasintha yekha kuwala kwa chithunzi chake. Pali akatswiri ena amene amakhala m'chipinda chamdima, aliyense akuyang'anira makamera angapo, ndipo amaonetsetsa kuti udzu ukuoneka wobiriwira mofanana pa makamera onse. Pa masewera amasana, theka la bwalo likakhala padzuwa ndipo theka lina pamthunzi wa denga, anthu amenewa dzanja silichoka pa chowongolera, popeza mpira umachoka pamthunzi kupita padzuwa m'kanthawi kochepa.

Mayi wa ku chipinda cha mawu anayankha kuti:

Bambo a ku Joni afotokoza bwino, koma monga amachitira anthu ambiri a zithunzi, aiwala makutu. Mwana wanga, tsiku lina udzayese kuzimitsa mawu pa kanema masewera ali mkati, ndipo udzaona mmene mpira umasandukira chinthu chakutali, chopanda moyo. Kamvekedwe ka phazi likamamenya mpira, kulira kwa chitsulo cha golo, wezulo ya woyimbira, zonsezi sizifika zokha kunyumba kwako. M'mphepete mwa bwalo mumaikidwa mamaikolofoni ambiri oloza mkati, ovekedwa zaubweya zotchinga mphepo, ndipo wosakaniza mawu amakweza yokhayo imene ili pafupi ndi mpira n'kutsitsa inayo, akutsata masewera ndi zala zake mphindi iliyonse. Akachedwa pang'ono, umamva mpira ukumenyedwa utafika kale kwina.

World Cup ya 2010 imene akuikambayo inali mayeso aakulu kwa anthu a mawu chifukwa cha mavuvuzela. Phokoso la vuvuzela limagwera pafupi ndi 235 Hz pa muyeso wa kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo vuto lake n'lakuti mawu a munthu amadutsanso m'dera lomwelo, kotero kuti ukalidula mopitirira muyeso, wolengeza amamveka ngati akulankhulira m'chitini. Mawailesi ambiri anadandaula m'masiku oyambirira, ndipo oulutsa anawonjezera zosefera mawu kuti phokosolo lichepe popanda kupha chisangalalo cha m'bwalo. Olengeza ambiri amathandizidwanso ndi maikolofoni imene amaigunditsa pamlomo penipeni, chifukwa imatola mawu apafupi okha.

Ndikuuzenso kuti si wolengeza aliyense amene amakhala kubwalo. Ambiri amakhala m'kachipinda, mwina m'dziko lina, akuyang'ana chithunzi chomwecho chimene iwe ukuona, ndipo phokoso la m'bwalo timawaikira pansi pa mawu awo. Ndipo ngati unadabwapo kuti a nyumba yoyandikana nanu amene akumvera pa wailesi ya mawu akuwa kuti chigoli iwe usanachione, chifukwa chake ndi ulendo wa chithunzi. Chimafunika kupanikizidwa ndi makina, kukwera ku setilaiti imene ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, kutsika, nthawi zina kukweranso kachiwiri, kenako dekoda yako n'kuchimasula. Ntchito yathu ina ndi kuchedwetsa mawu mwadala kuti afike limodzi ndi milomo ya wolankhula. Ndikulemba zonsezi chifukwa achinyamata onse amathamangira kamera, pamene ku mawu anthu odziwa ndi ochepa ndipo amasowa.

Wa makina obwereza anayankha kuti:

Achimwene a ku Chilomoni, chimene chinakudabwitsani pa chigoli cha Mhango ndi ntchito ya gulu lathu. Timagwiritsa ntchito makina a EVS, opangidwa ndi kampani ya ku Belgium, amene amasunga zonse zimene makamera akujambula ndipo amatilola kubwerera m'mbuyo kujambula kukupitirira. Aliyense wa ife amapatsidwa makamera angapo oti aziwayang'anira. Chigoli chikalowa, dzanja limodzi limazunguza kagudumu kubwerera pamene mpira unachokera, linalo lili pa ndodo yochepetsera liwiro, ndipo pakamwa ukuuza wotsogolera kuti mbali yako ili ndi chithunzi chabwino. Iye amasankha ndondomeko yake, dayirekitala n'kuzilowetsa, ndipo zonse ziyenera kutha mpira usanayambenso pakati. Tchimo lalikulu pa ntchito yathu ndi kukhala ukubwereza zakale pamene chigoli china chikulowa.

Koma ndikufuna muganizire mbali imene makina sangakuchitireni, ndiyo kudziwa choyenera kuonetsa. Pa 27 Juni 2010 panachitika zinthu ziwiri tsiku limodzi. Masana ku Bloemfontein, mpira wa Frank Lampard wa England unagunda chitsulo n'kudutsa mzere wa golo la Germany, koma woyimbira sanauone, pamene dziko lonse linauona pa chithunzi chobwerezedwa m'masekondi ochepa. Madzulo ku Soccer City, Carlos Tevez wa Argentina anagoletsa chigoli polimbana ndi Mexico ali pa ofusayidi yoonekeratu, ndipo chithunzicho chinabwerezedwa pa sikirini yaikulu ya m'bwalo, chinthu chimene sichinayenera kuchitika pa nkhani yokanganitsa. Osewera a Mexico ataona anazungulira woyimbira, yemwe malamulo a nthawi imeneyo sankamulola kusintha chigamulo potengera kanema. Sepp Blatter, yemwe anali mtsogoleri wa FIFA, anapepesa ku England ndi ku Mexico. Makina oona ngati mpira wadutsa mzere anavomerezedwa mu 2012 ndipo anagwira ntchito pa World Cup ya 2014, kenako VAR inafika pa ya 2018 ku Russia, kumene oyimbira a pakanema ankakhala ku Moscow pamodzi ndi anthu a ntchito ngati yanga, owapezera chithunzi choyenera mwamsanga.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya pa 12 Juni 2021 ku Copenhagen, pamene Christian Eriksen anagwa mtima utaima pa masewera a Denmark ndi Finland. Anzake anamuzungulira kuti amutchinge ku makamera, komabe anthu ambiri anaona zochuluka kuposa zimene banja lake likanafuna, ndipo BBC inapepesa chifukwa chopitiriza kuonetsa zithunzizo. Sindikuweruza amene anali pampando tsiku limenelo, chifukwa ndikudziwa kuti chisankho chotere chimapangidwa m'kanthawi kochepa anthu ambiri akulankhula m'makutu mwako. Koma kuyambira pamenepo, wosewera akavulala moopsa pa kamera yanga, ndimayamba ndaona ndekha chithunzicho ndisanachipereke, ndipo kangapo ndanena kuti ndili nacho koma sichoyenera kutuluka.

Mnyamata wa ku Chilomoni anayankha kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu, mwanditsegula maso. Za mawu sindinaziganizirepo n'komwe, mayi, ndipo ndiyamba kuziphunzira. Funso limene latsala ndi lakuti, poona kuti ntchito zikuluzikulu zili ku South Africa, kodi n'kwanzeru kuti ndisonkhanitse ndalama ndipite ku Joni kukayesa mwayi?

Wakale wa ku Joni anayankhanso kuti:

Mphwanga, usafulumire kukwera basi. N'zoona kuti SuperSport ili ku Randburg kuno ndipo magalimoto ake oulutsira amazungulira mayiko ambiri a mu Africa, koma anthu amene amatengedwa pa mpikisano waukulu ndi amene wina wake anawaona kale akugwira ntchito, ndipo popanda chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno sungapatsidwe ngakhale chiphaso cholowera m'bwalo. Ambiri pa ntchitoyi ndi aganyu, amalipidwa pa tsiku, ndipo mpikisano ukatha pamatha miyezi foni isanalire. Ine kampani ina imene ndinagwirako pambuyo pa 2010 inandisunga miyezi itatu isanandilipire, ndipo ndinapirira chifukwa ndinali ndi ntchito ina yamagetsi yondidyetsa.

Yambira komweko. Masewera a ligi yathu amaulutsidwa kuchokera ku Kamuzu Stadium, pafupi ndi kwanu, ndi ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, ndipo kumene makamera ndi ochepa munthu mmodzi amakhudza ntchito zambiri, zimene pa World Cup sakanakulola n'komwe kuziyandikira. Pita ukapeze amene amayang'anira gulu loulutsa, udzipereke kunyamula ndi kukoka, ndipo uzifika iwo asanafike. Phunzira kukulunga nthambo mosinthanitsa, kuzungulira kumodzi pamwamba kwina pansi, kuti ikamamasulidwa isapotane, chifukwa katswiri akangoona mmene wakulungira amadziwa ngati unagwirapo ntchitoyi. Ukapatsidwa mahedifoni, uzimvetsera mmene dayirekitala akuitanira makamera ndi manambala awo, osalankhula pokhapokha wafunsidwa, ndipo uziona kamera imene yayaka nyali yofiira kuti usadutse kutsogolo kwake. Masewera akatha usathamangire minibasi pamodzi ndi ochemerera, chifukwa nthambo zonse zija ziyenera kuzulidwa, kupukutidwa matope ndi kuwerengedwa zisanakwezedwe m'galimoto, ndipo mayina a oti adzaitanidwe sabata yamawa amalembedwa nthawi imeneyo. Ukapita Loweruka likubwerali, udzatilembere kuti anakupatsa ntchito yanji.