Thandizeni maganizo, kochi wa pa foni akundipatsa ma target ondipitirira msinkhu

Moni nonse pagulu pano, a admin chonde mundilole. Ndine mayi wa zaka 44, ndimakhala ku Chilomoni koma ndimagwira mu shopu ku Limbe, tsiku lonse chikhalire pa kauntala. Mwezi watha ndinapita kuchipatala mutu ukundiwawa koopsa, atandiyeza BP inali 152/96 sikelo 89kg. Adokotala anandipatsa mankhwala nkundiuza ndichepetse mchere komanso ndiyambe kulimbitsa thupi, akuti a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azikwanitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 masiku 5.

Mwana wanga wamkazi ndi amene anandiyikira ka app kokhala ndi kochi momwemo, si munthu ayi ndi za kompyuta koma amalankhula nawe bwinobwino. Anandifunsa zaka, msinkhu, kulemera ndi chomwe ndikufuna, ine ndinangoti kuchepetsa thupi, basi pompo wandiyikira masitepe 10,000 tsiku lililonse, kuthamanga katatu pa sabata ndi ma squat (kunjuta nkudzuka mobwerezabwereza) pamwamba. Sabata yoyamba ndinalimbikira ndithu ndipo zimandisangalatsa akamandiyamikira, mwina ena museka koma kunyumba palibe amene amandiuza kuti mwachita bwino amayi. Sabata yachiwiri bondo lakumanzere layamba kutupa, odziwa Chilomoni mukudziwa zitunda zake, ukafika pamwamba uli wefuwefu koma kochiyu saona chitunda iye amangowerenga manambala.

Chikundiwawa kwambiri ndi ichi, Loweruka ndimachapa zovala za banja lonse pamanja, kukolopa, mipope ikauma kukatunga madzi zigubu zinayi thukuta kamukamu, foni nthawi yonseyo ili pa chaji kuchipinda ndiye madzulo akundiuza kuti lero mwayenda masitepe 1,900 okha yesetsani mawa. Mtima umandipweteka mpaka ndimaona ngati ndangotaya nthawi. Komanso 5 koloko mmawa kumakhala kukadali mdima sindingayende ndi foni pamsewu ndekha, anandiberapo ina kale.

Ndiye ndimafunsa amene munagwiritsapo ma app awa, target munthu umatha kuyitsitsa wekha kapena ukatero ndiye kuti ukudzinamiza? Ntchito zapakhomozi zimalowa mu mphindi 150 zija? Sindikufuna kusiya ayi, mayi anga anafa ndi sitiroko ali ndi zaka 58 ndipo ine wanga womaliza ali sitandade 3.

Ndemanga

Amayi pepani ndi bondolo. Choyamba siyani kuthamanga ndi ma squat, bondo lotupa mukalionetse kuchipatala musamvere foni. Za 10,000 zisakudwalitseni mutu, nambala imeneyo inachokera ku Japan mzaka za mma 1960 pomwe amatsatsa kachipangizo kowerengera masitepe. Onani kuti panopa mumayenda angati patsiku, ngati ndi 3,000 ikani 4,000 kwa masabata awiri kenako muzikweza pangono pangono, mu settings mumasinthika.

Zapakhomo zimawerengedwa asisi bola mtima uzigunda mwachangu, muyeso wake ndi woti ukutha kulankhula koma sungathe kuyimba. Ma app ambiri amalola kulemba pamanja zomwe wapanga foni ili kutali. Bondo likachira muyese Couch to 5K, pulogalamu yophunzitsa oyamba kumene kuthamanga mpaka makilomita 5, ndi ya masabata 9, sabata yoyamba umathamanga masekondi 60 nkuyenda 90, ine ndinayamba ndi imeneyo.

Zikomo kwambiri nonse, zolemba pamanjazo sindimazidziwa olo pangono, mwana akabwera madzulo andionetsa. Kuchipatala ndipita Lachiwiri lomweli poti ndi tsiku lokatenganso mankhwala. Ngati pali amayi a ku Chilomoni kuno ofuna tiziyendera limodzi mmawa mundipeze ku inbox, tikakhala atatu anayi mdima sindingauope.