Malo aja a pamsewu: holo kapena nyumba ya luso yogawana ndi akampani?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse abale anga. Nkhani ya malo aja a gulupu anatilozera kufupi ndi msewu wopita ku Mitundu tiimalize mvula isanagwe. Tinagwirizana za holo, koma bambo a Yankho abwera ndi maganizo ena ndiye ndati alembe pano aliyense amve yekha. Chonde tilemekezane, muli makolo muno.

Bambo a Yankho: Zikomo a tcheya. Abale ine maganizo anga ndi oti holo tiiiwale kaye. Holo imagwira ntchito Loweruka pakakhala ukwati basi, masiku ena onse mumangogona mileme. Ku mayunivesite masiku ano akumanga nyumba yoti ophunzira, aphunzitsi awo ndi akampani azigwiramo ntchito limodzi, kampani imabwera ndi makina ndi vuto lake lenileni, ophunzira amabwera ndi nzeru, zikatheka chinthucho chimapita pamsika osati kukathera mu shelefu ya laibulale. Ngakhale kwathu konkuno zayamba, ku MUBAS ku Blantyre kuja tinkati ku Poly kuli nyumba yotere yotchedwa UniPod yomwe anathandiza a UNDP, muli makina osulira zitsulo, a matabwa, mpaka a 3D oumba zinthu kuchokera pa chithunzi cha pa kompyuta. Ndiye ife tili ndi koleji ya zaulimi ya Bunda pakhomo penipeni, makilomita ngati 30 kuchokera mtauni muno mu Lilongwe, bwanji osamanga kathu kakang'ono, ka sola, ka mabuloko osawotcha, mbali ina tibwereketse kampani yoyenga mafuta kapena yopera chiponde, mbali ina ana asukulu ndi achinyamata akumudzi aziphunziramo. Sindinalankhule ndi aliyense ku koleji, ndayamba ndi inu eni malo.

Anaphiri a ku Area 25: Kkkkk bambo a Yankho mwayambanso maloto anu aja. Ife tikulephera kumaliza chimbudzi cha pa sukulu ya mkaka mukuti 3D

Wa ku Joni: Ine ndagwirizana nazo. Kuno zoterezi zilipo ndithu ndipo ana amapeza ntchito asanamalize nkomwe sukulu

Anaphiri a ku Area 25: Achimwene kumeneko nku Joni, ife tikunena kwathu komwe thiransifoma ikapsa timadikira mpaka tiiwale kuti tinali ndi magetsi

Malume a ku Kawale: Ana anga ndiloleni ndilankhuleko. Bunda ija inayamba ine ndili kamnyamata zaka za m'ma 1960, inali pansi pa University of Malawi mpaka inadzaima payokha nkukhala LUANAR mu 2012. Adzukulu athu ena aphunzira pomwepo, ena akugwira ntchito pomwepo, sindinganyoze. Koma funso langa lili pa akampaniwo. Munthu wobwera ndi makina a mamiliyoni pa malo ako, pakatha zaka zisanu mwini malo amakhala ndani? Ine ndinaonapo kumudzi kwa akazi anga, anabwera ena ake ndi galimoto zoyera nkunena kuti tingoikapo sikelo ndi shedi yogulira mbewu, lero pali mpanda wa waya ndi mlonda, ana a eni munda amaima pageti kupempha ganyu. Walira mvula walira matope. Mukafuna akampani mufunenso loya.

Bambo a Yankho: Malume mwanena zoona ndipo apa mpomwe pagona nkhani yonse. Malo asapite mdzina la kampani, asapitenso mdzina la munthu mmodzi wa ife ngakhale a tcheya. Gululi tililembetse kaye ku boma likhale ndi matrasti ake, kenako malowo tiwalembetse motsata lamulo la malo a makolo lija la 2016, kudzera ku komiti ya malo ya kumudzi. Kampani ingokhala ya lendi, pepala la zaka zowerengeka, ikafuna kuchoka inyamule makina ake nyumba itsale.

Wapampando: Ngakhale a tcheya eti kkkk chabwino ndamva

Mayi Msungichuma: Ine ndingokukumbutsani za thumba. Ndalama zomwe tasonkha chiyambireni sizingakwane ngakhale malata ndi mitengo ya denga. Pomwe tinkayamba kusonkha kwacha inali ina, mu May 2022 inagwa ndi 25%, mu November 2023 inagwanso ndi 44%, simenti yomwe tinawerengera nthawi ija pano mtengo wake ndi wina. Ndipo pa gulu pano tilipo ambiri olemba koma osonkha ndi omwe aja omwe aja. Sinditchula maina lero.

Wa ku Joni: Mayi ine ndinatumiza mwezi watha

Mayi Msungichuma: Inu ndinalandira achimwene, musadzitchule nokha

Achimwene omanga: Ndiyankhepo pa za mabuloko poti ndi ntchito yanga. Anthu akamva kuti njerwa zosawotcha amaganiza zidina zija zimasungunuka ndi mvula ya Januwale, ayi. Mabuloko osawotchawa, amati ma SSB, ndi dothi lomwe lija la katondo, umasefa, umasakaniza ndi simenti pang'ono, madzi ongonyowetsa osati phala, kenako umatsindira mu makina a pamanja. Ukatulutsa umayala pamthunzi, kufunditsa pulasitiki nkumathirira mpaka zikhwime, pafupifupi mwezi. Zina zimakhala zolowana zokha moti matope a simenti apakati umagwiritsa ochepa kwambiri, pulasitala osafunikanso kwenikweni. Vuto ndi loti anyamata akakhala pa changu amaba simenti kapena kusiya kuthirira, ndiye buloko ukaikanda ndi chikhadabo imayoyoka. Pamafunika munthu woima pomwepo tsiku ndi tsiku.
Komanso dziwani kuti mu 2018 a NCIC, bungwe loyang'anira zomangamanga, anaika malamulo oletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu za bizinesi. Ndiye ngati mukufuna koleji kapena kampani yolongosoka idzalowemo, za uvuni iwalani.

Aphunzitsi opuma: Pamenepo ndiye ndili nanu. Uvuni umodzi umadya mitengo ingati? Pitani ku Dzalanyama mukaone momwe makala ndi nkhuni zamalizira nkhalango, chonsecho madzi omwe tikumwa mtauni muno a mu Kamuzu Dam amachokera komweko. Kaya timanga holo kaya chinachi, tisawotche njerwa.

Anaphiri a ku Area 25: Chabwino za njerwa ndamva. Koma ine funso langa palibe wandiyankha, mayi anga kumudzi apindula chani? Ine ndimagula mtedza pa Mitundu tsiku la msika nkumadzagulitsa mtauni, ndikudziwa zomwe alimi akulira. Salira 3D. Akulira kuti mavenda amabwera ndi sikelo zobera mwezi wa Meyi mtedza usanaume bwino, munthu wapanikizika ndi fizi amangogulitsa. Ndiye anthu a kafukufuku takhala tikuwaona, amabwera ndi mapepala kufunsa mumadya kangati patsiku, muli ndi mbuzi zingati, kugawa fanta, kujambula zithunzi, osabweranso. Tsopano tiwamangire ndi nyumba yomwe?

Nabanda wamng'ono: Anti ndiyankhe ine poti ndangomaliza kumene maphunziro a zakudya ndipo ndili pakhomo ntchito kulibe. Zomwe mukunenazo ndi zoona koma nchifukwa chake nyumbayi ikufunika. Mtedza wathu vuto lake lalikulu ndi chuku, poizoni uja amati aflatoxin. Kale dziko lino linkatumiza mtedza wambiri ku Ulaya, Chalimbana ankadziwika, msika uja unatayika kwambiri chifukwa cha chukuchi. Ndipo chimayambira pa zinthu zomwe tonse timaziona, kuwaza madzi mtedza kuti usavute kuswa, kuyanika padothi, kuthira mthumba usanaume. Njira zilipo, kuunjika mtedza mozungulira makoko ali mkati kuti uume ndi mphepo, ija amati Mandela cock, kusankha wowola, kuyeza chinyezi. Koma mlimi sangavutike nazo zonsezo ngati venda akugula wabwino ndi woipa mtengo umodzi. Pakakhala malo pomwe mtedza ukuyezedwa pamaso pake, wabwino nkugulidwa mokwererako, anthu asintha okha osachita kuwaitanira miting'i. Kampani ya chiponde imafuna mtedza woyera kuti a MBS, oona za miyezo ya katundu, ayipatse chiphaso, ife ophunzira timadziwa kuyeza, alimi ali ndi mtedzawo, chikusowa ndi denga loti atatufe tikumanepo.

Anaphiri a ku Area 25: Iwe mwana wayankhula bwino koma wandiponda chala, kuwaza madzi ndimawazanso ine kkkk

Aphunzitsi opuma: Anaphiri mwaulula nokha pagulu

Anaphiri a ku Area 25: Aphunzitsi manja amatupa kuswa mtedza wa CG7 wouma, yesani thumba limodzi muone. Ngati mnyumbamo mudzakhale makina oswera oti amayi azilipira pang'ono ndiye mwina ndingamve. Koma zilembedwe, osati pakamwa. Ndipo mtengo wogulira uzimatidwa pakhoma aliyense aziwona.

Wa ku Joni: Nanga magetsi? Makina amenewo sola ingakoke?

Bambo a Yankho: Ingakoke bola tiwerengere bwino. Mapanelo siwodula kwambiri masiku ano, chimapha ndi mabatire ndi inverter, yosintha magetsi a sola kuti akhale ngati a mnyumba. Ndiye nzeru yake makina olemera azigwira dzuwa lili pamutu, kuyambira mma 9 mpaka mma 3, mabatire angosungira magetsi owunikira, makompyuta ndi firiji ya mu labu. Choyengera mafuta chachikulu chimafuna magetsi amphamvu a three phase, chimenecho tidzakokere ESCOM, zisakanikirane. Kudalira mbali imodzi ayi, mukukumbuka 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira dziko linataya pafupifupi 130 megawatts, tinkagona mumdima ndi mtauni momwe. Sola si zoseweretsanso ana, ku Salima kuli ya 60 megawatts, ku Golomoti 20 ndi mabatire ake. Denga lomwelo tiikenso magatala ndi thanki tikolole madzi a mvula, mazenera akuluakulu oyang'anizana mphepo izidutsa tisafune ma fani.

Achimwene omanga: Mapanelo muwotcherere pa felemu bwana, mabawuti okha amamasula usiku umodzi

Malume a ku Kawale: Ndabweranso. Mwana wa Anabanda wandigwira mtima koma pali china. Tinene mwana wathu wapanga kamakina kake koswera mtedza mnyumba imeneyo, wagwiritsa zitsulo za kampani, magetsi a gulu, nzeru za aphunzitsi ake. Kakayamba kugulidwa ndi ka ndani? Chifukwa wa ndalama ndi amene amathamangira kukalembetsa, mwana nkutsala ndi chithunzi cha pa Facebook atagwira satifiketi.

Nabanda wamng'ono: Agogo funso limeneli ngakhale anzanga limatiopsa, ena amabisa maganizo awo dala. Zimafunika pepala losainirana munthu asanagwire sipanala, lonena kuti chopangidwacho mwini wake ndani ndipo kampani ikachifuna ilipira bwanji.

Bambo a Yankho: Eya, ndipo mu pepala la lendi tiikemo zathu. Achinyamata angati akumudzi aziphunzitsidwa chaka chilichonse, atsikana akhalemo osachepera theka, aganyu azichokera midzi yozungulira, chipinda chophunziriramo kiyi wake azisunga a komiti yathu osati manejala wa kampani. Akakana ndiye kuti sanali athu.

Mayi a Tadala: Pepani ndalowa mochedwa ndinali ku chipatala cha Central ndi odwala. Ndawerenga zonse. Ine sindikutsutsa koma mtima ukundiwawa, amayi akumudzi anatipempha mjigo chaka chatha, tinati dikirani holo, lero tikuti dikirani nyumba ya luso. Akamva kuti tikukamba za labu iwo akutunga pa dambo adzati ana athu a mtauni apenga. Ndipo holo ija musainyoze, maliro a mvula anthu amakhala pansi pa mtengo.

Achimwene omanga: Mayi a Tadala mjigowo ndiye woyambirira kale, mabuloko ndithirira ndi chani popanda madzi? Tikumbe pamalo pomwepo chakumsewu, kunja kwa mpanda, amayi azitunga ife tikuumba.

Mayi a Tadala: Kunja kwa mpanda, mawu amenewo a sekilitale alembe

Wa ku Joni: Komanso chipinda chophunziriracho chikakhala chachikulu ndi khonde lotambalala Loweruka chitha kukhala holo yomweyo, mipando kungotembenuza

Anaphiri a ku Area 25: Ukwati mbali ino chiponde mbali inayo kkkkk akwati azituluka akununkhira mtedza wokazinga

Aphunzitsi opuma: Ine nkhawa yanga ndi yoti tikugawana kale zipinda chonsecho palibe kampani kapena koleji yomwe yati eya. Tisamange kaye. Tilembe kalata, tipite anthu atatu ku Bunda tikamve ngati zoterezi amachita ndi magulu a kumudzi ndipo amafuna chani, ena apite ku Kanengo akafunse oyenga mafuta a soya ndi opera chiponde ngati angabwere kufupi ndi alimi. Tikafunsenso a TEVETA za maphunziro a achinyamatawo, ndi a khansala ngati thumba la chitukuko la CDF lingathandizeko mjigo. Akatikana tonse tibwerera ku holo yathu opanda ngongole.

Malume a ku Kawale: Ndipo musanapite kulikonse mukayambe mwagwada kwa a gulupu. Anapereka malo a holo, akadzangoona lole ya kampani ikutsitsa makina adzati tinawanamiza.

Wapampando: Zamveka. Loweruka lino ine, malume ndi mayi a Tadala tipita kwa a gulupu. Bambo a Yankho ndi Nabanda lembani kalata ija muiponye pano tiiwerenge tonse isanapite. Achimwene omanga mutipezere mtengo wa mjigo ndi wobwereka makina a mabuloko, makoteshoni awiri awiri. Anaphiri mupite nawo ku Kanengo, pakufunika munthu wodziwa kukana.

Anaphiri a ku Area 25: Ndipita koma thiransipoti ndi ya gulu

Mayi Msungichuma: Ya minibasi yokha, ndipo mubwere ndi malisiti. Amene simunasonkhe miyezi itatu maina ndiponya Lachisanu 6 koloko madzulo.