Loweruka ndi Lamulungu ku Edinburgh: ndione ziti, ndisiye ziti?

Nachisale

Moni nonse. Ndine wophunzira pa yunivesite ina mumzinda wa Glasgow ku Scotland, komwe ndinafika mu Seputembala kudzachita digiri yachiwiri. Chifikireni sindinatulukeko mumzindawu chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito ya m'kalasi, koma pakati pa Novembala ndikhala nditapereka zonse zomwe aphunzitsi anatipatsa, ndipo mtima wanga uli pokaona mzinda wakale wa Edinburgh Loweruka ndi Lamulungu la sabata imeneyo. Ndalemba papepala malo 14 omwe ndikufuna kukafikako, koma mnzanga wa m'kalasi atawerenga wandiuza kuti n'zosatheka m'masiku awiri. Ndalama zomwe ndimalandira pamwezi zimangokwanira lendi ndi chakudya, choncho sindikufuna kuwononga ngakhale paundi imodzi pa chinthu chosapindula. Ndikupempha amene munakhalako kumeneko mundithandize pa mfundo zitatu. Kodi kulowa m'linga la Edinburgh Castle n'koyeneradi ndalama zake? Kodi ndikagone komweko kapena ndizibwerera ku Glasgow madzulo? Nanga phiri la Arthur's Seat n'lokwereka nyengo ino?

Mbewe

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musananyamuke. Ine ndinaphunzira mumzinda umenewo zaka zitatu, ndipo ndaperekezapo alendo ambiri obwera ndi mapepala ngati lanulo. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Malo 14 mukhoza kuwapondadi, koma mudzangojambula chithunzi pakhomo n'kuthamangira kwina, ndipo pobwerera simudzasiyanitsa tchalitchi ichi ndi icho. Kumbukiraninso kuti pakati pa Novembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko, kotero tsiku lanu n'lalifupi kuposa mmene mukuganizira.

Musanasankhe malo, yambani mwaumvetsa mzindawo. Mukatsika sitima pa siteshoni ya Waverley mudzakhala muli m'chigwa, kummwera kwanu kuli Old Town, kumpoto kuli New Town. M'chigwamo, momwe lero muli njanji ndi dimba la Princes Street Gardens, kale munali thamanda lalikulu lotchedwa Nor Loch lomwe pambuyo pake analiphwetsa. Old Town inamangidwa pamsana pa chitunda, ndipo popeza anthu sankafuna kukhala kunja kwa mpanda wa mzinda, nyumba ankangozisanjikiza kukwera m'mwamba, mpaka olemera ndi osauka ankadutsana pamakwerero amodzi. Kuthinana ndi uve zitafika posauzana, akuluakulu a mzinda anavomereza mu 1767 mapulani a James Craig omanga mzinda watsopano wa misewu yotakata ndi yowongoka. Mbali ziwirizi pamodzi zinalowa mu 1995 m'kaundula wa malo ofunika a mbiri pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO. Mukaima pa Princes Street n'kuyang'ana uku ndi uku, mbiri yonseyi mudzaiona ndi maso anu osalipira kanthu.

Za linga, ine ndikuti lowani, ndipo mulowe Loweruka m'mawa mutagula tikiti pa intaneti pasadakhale. Linamangidwa pathanthwe la phiri lomwe linkaphulika kalekale, ndipo pamwamba pake pali kachisi wamng'ono wa St Margaret, nyumba yakale kuposa zonse mumzindamo, yemwe mfumu David I inamanga cha m'ma 1130 pokumbukira amayi ake. Mudzaonanso mzinga waukulu wa Mons Meg womwe mfumu James II inapatsidwa mu 1457, chisoti ndi lupanga lachifumu, komanso kachipinda komwe mfumukazi Mary inaberekera James VI mu 1566. Chomwe ndikunenera Loweruka n'chakuti mzinga wa 1 koloko masana, womwe anayamba kuuomba mu 1861 pofuna kuti oyendetsa zombo kudoko la Leith azitchera mawotchi awo, Lamulungu sauomba.

Mukatuluka m'lingamo tsikani pang'onopang'ono ndi msewu wa Royal Mile, womwe umakathera kunyumba yachifumu ya Holyroodhouse. Musamangoyenda pakati pa msewu pomwe pali masitolo a alendo, koma muzikhotera m'tinjira topapatiza ta m'mbali, chifukwa m'menemo ndi momwe mudzamvetse mmene anthu ankakhalira mothithikana. Lowaninso m'tchalitchi cha St Giles, chomwe John Knox, mtsogoleri wa Chipulotesitanti ku Scotland, anakhalapo mbusa wake kuyambira 1559. Kumunsi kwenikweni kuli nyumba ya malamulo ya Scotland yomwe inatsegulidwa mu 2004. Kulowa m'nyumbayi n'kwaulere, koma Lamulungu amatseka.

Nabanda

A Mbewe alongosola bwino, koma pa nkhani ya linga ndikusiyana nawo pang'ono. Kwa wophunzira amene akuwerengera paundi iliyonse, mtengo wa tikiti imeneyo ndi chakudya cha masiku angapo, ndipo bwalo la kutsogolo kwa linga, pomwe mzinda umaoneka bwino mbali zonse ziwiri, munthu amafikapo mwaulere. Ngati mbiri ya mafumu ndi nkhondo imakukokani mtima, lipirani, simudzanong'oneza bondo. Ngati ayi, nthawi imeneyo kaithereni ku National Museum of Scotland pa msewu wa Chambers Street, komwe salipiritsa polowa. Kumeneko kuli thupi loumika la Dolly, nkhosa yomwe akatswiri a ku Roslin Institute anaipanga mu 1996 kuchokera ku selo ya nkhosa ina yaikulu, ndiponso tizidole ta masewera a tchesi tosemedwa ndi minyanga ya nyama za m'nyanja tomwe tinapezeka pa chilumba cha Lewis. Ambiri sadziwa kuti padenga pa nyumbayi pali khonde lomwe munthu amakwerako n'kuona linga lonse moyang'anizana nalo. Mukatuluka, kungowoloka msewu mwafika kumanda ndi kutchalitchi cha Greyfriars, komwe mu 1638 anthu anasainirana pangano lokana kuti mfumu iziwalamula kapembedzedwe.

Za Arthur's Seat ndikuchenjezeni ngati mchemwali wanu. Phirilo ndi lotalika mamita 251 okha, ndipo chifukwa choti lili m'kati mwa mzinda anthu amalipeputsa. Ine ndinalikwera mu Novembala cha m'ma 3 koloko nditavala nsapato zosalala kunsi. Kumwamba kunali mphepo yoti munthu sungaime mowongoka, miyala inali yonyowa, ndipo mdima unandipeza ndisanafike pansi, moti ndinatsika chokhala pansi m'malo ena ndikuunikira ndi foni, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira. Ngati mukufunitsitsa, kwerani m'mawa kukakhala kopanda mvula, mutavala nsapato zogwira pansi ndi jekete yosalowa madzi, pakuti ambulera mphepo ya kumeneko imangoithyola. Apo ayi, pitani ku Calton Hill, kachitunda kongotenga mphindi zochepa kukwera. Pamwamba pake pali nsanamira 12 za chipilala chokumbukira asilikali omwe anafa pa nkhondo zolimbana ndi Napoleon, chomwe anachiyamba mu 1826 n'kuchisiya chosatha mu 1829 ndalama zitatha.

Chirwa

Ndingoyankha funso la kogona, popeza enawo anzanga afotokoza kale. Kuchokera pa siteshoni ya Queen Street ku Glasgow kukafika ku Waverley sitima imayenda pafupifupi mphindi 50, ndipo imanyamuka pafupipafupi mpaka usiku. Muli ndi chipinda chomwe mukulipira kale, choncho palibe chifukwa cholipiriranso bedi ku Edinburgh, komwe malo ogona amadula Loweruka usiku ngakhale kunja kwa nyengo ya chikondwerero cha mu Ogasiti. Funsani za khadi ya 16-25 Railcard, yomwe imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, ndipo ophunzira a nthawi zonse amaloledwa kuigula ngakhale atapitirira zaka 25. Basi yochokera pa Buchanan imachedwerapo koma imatsikirako mtengo. Mukafika ku Edinburgh simudzafunanso galimoto, chifukwa malo onse atchulidwawa ndi oyenda wapansi.

Nachisale

Ndabwera kudzathokoza a Mbewe, a Nabanda ndi a Chirwa, pakuti ulendo uja ndayenda. Pa malo 14 aja ndinasankha asanu ndi limodzi, ndipo ndinkabwerera ku Glasgow madzulo monga munandilangizira. M'linga ndinalowa. M'kachisi wa St Margaret ndinadikira kuti gulu la alendo lituluke, n'kutsala ndekha kwa kanthawi, ndipo nditagwira khoma lake lozizira ndi kuona kuwala kukulowa pa timawindo tating'ono, ndinamva kuti ndalama ija sinapite pachabe. Mzinga utalira 1 koloko ana ena anatseka makutu, koma bambo wina wachikulire amene anaima pafupi nane anangoyang'ana wotchi yake n'kugwedeza mutu. Lamulungu kunagwa mvula ya mawawa, choncho Arthur's Seat ndinaisiya ndipo ndinathera maola atatu kumyuziyamu ndisanakwere Calton Hill.

Pali malo amodzi omwe sanali papepala langa koma ndi omwe andikhalitsa chiganizire. Pobwerera kusiteshoni ndinadutsa pa St Andrew Square ku New Town, pomwe pali chipilala chachitali cha Henry Dundas, yemwe anali nduna ya boma la Britain. Pansi pake anaikapo chikwangwani chofotokoza kuti mkuluyu anathandizira kuchedwetsa kuthetsedwa kwa malonda a akapolo, pomwe mu 1792 anapempha nyumba ya malamulo kuti malondawo athe pang'onopang'ono, ndipo sanathe mpaka 1807. Ndamva kuti akatswiri ena a mbiri yakale ndiponso ena a kubanja kwake amatsutsa mawu a pachikwangwanicho, ponena kuti iye ankafunafuna njira yoti lamulolo lidutse. Ndinaima pamenepo mvula ikundinyowetsa mpaka ndinawerenga kawiri. A Mbewe, inu amene munakhalitsa kumeneko, kodi anthu a mumzindamo amaiona bwanji nkhani imeneyi? Ndikufuna kudzabwereranso masiku akayamba kutalika, kuti ndidzalowe ku Holyroodhouse ndi kukwera phiri lija m'mawa.