Laputopu yanga ikukana Windows 11, ndiikemo chiyani?

Moni nonse a pagulu pano. Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera ku Dedza, ndimaphunzitsa Chichewa ndi Jogalafe. Achimwene anga a ku Johannesburg adanditumizira laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, Lenovo ThinkPad T460. Ili ndi Core i5, RAM 8GB ndi hadi disiki ya 500GB. Muli Windows 10.

Vuto langa ndi ili. Itayamba kuchedwa ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza makompyuta, iye anafufuta zonse n'kuikamo Windows ina. Chibwerereni kumeneko, pakona ya kumunsi kudzanja lamanja pamalembedwa kuti Activate Windows, ndipo ndikaiyatsa ndimatha kuika madzi pamoto n'kubwera isanamalize kutseguka. Tsopano ikundiuzanso kuti Windows 10 idasiya kuthandizidwa, koma ndikafuna Windows 11 ikuti makina anga sakukwanira.

M'menemo ndi momwe ndimalembera mayeso a ana a Fomu 3 ndi 4, malikisi awo ndimasunga mu Excel, ndipo ndimapulinta pa pulinta ya HP ya ku ofesi ya ahedi. Mphwanga wina akuti ndiike Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows. Sindinaigwirepo. Ndalama yogulira laputopu ina ndilibe, ndipo mayeso akuyamba masabata atatu akubwerawa. Ndichite bwanji?

Chikondi M.
Madamu, choyamba mtima pansi, laputopu yanuyo siinathe ayi. Microsoft idasiya kupereka zotetezera za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Imagwirabe ntchito, kungoti mabowo atsopano amene akuba a pa intaneti angapeze sakutsekedwanso. Windows 11 ikukukanani chifukwa imafuna pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, pomwe T460 ili ndi ya m'badwo wa 6. RAM yanu ndi yokwanira, iwo amafuna 4GB basi. Koma kuchedwako si nkhani ya Windows kwenikweni. Ndi hadi disiki yozungulira ija. Gulani SSD, disiki yosazungulira yothamanga kwambiri, ya mtundu wa SATA ya mainchesi 2.5, ngakhale ya 256GB, muona ngati mwagula makina ena.

Bambo a Tadala
Ine ndingoti ikani Windows 11 yomweyo. Pali pulogalamu yotchedwa Rufus, imakonza fulashi yoikira Windows ndipo imadumpha zoyezayeza zonsezo. Kwanga ndidatero ndipo ikuyenda.

Chikondi M.
Zimatheka ndithu akulu, koma tiwauze zonse. Microsoft idanena yokha kuti makina oikidwa mokakamiza chonchi siikulonjeza kuti azilandira ma update. Munthu wodziwa akhoza kukonza zikavuta. Awa ndi aphunzitsi, ali ku Dedza, mayeso ali pakhomo.

Mayi Nachisale
Anzanga, ndine mphunzitsi mnzanu ndipo ndakhala pa Linux Mint zaka ziwiri tsopano, ndiye ndikuuzani zimene ndaona ndi maso anga. Maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi Windows, batani la menyu lili pakona ya kumanzere pomwe munazolowera. Ndi yaulere, ya Activate ija simudzaionanso. Chimene ndimaikondera kwambiri n'choti siidya bandulo mwakachetechete. Ma update imakuuzani kuti alipo, inu n'kusankha nthawi. Komanso mavairasi a m'mafulashi aja, obisa mafoda n'kusiya mashotikati, sagwira m'menemo. Kusukulu kwathu fulashi imodzi imazungulira sitafu yonse, ndiye anzanga amabwera kwa ine kudzapulumutsa mafayilo awo.

Koma pali chimene chidandipweteka. Mulibe Microsoft Word, muli LibreOffice. Imatsegula mafayilo a Word ndi Excel bwinobwino, kuwerengetsa malikisi sikuvuta. Tsiku lina ndidalemba mayeso a Jogalafe okhala ndi mapu ndi matebulo, ndikusunga ngati fayilo ya Word, ndikupereka ku ofesi. Atatsegula pa kompyuta yawo mapu adatsetserekera tsamba lina, funso lachisanu lili pamwamba, mapu ake ali kumbuyo. Mapepala anali atapulintidwa kale a kalasi yonse. Chichokereni tsiku limenelo chilichonse chopita ku pulinta ndimachisunga ngati PDF, ndipo sizinabwererenso. Mapulinta ambiri a HP amangogwira mukalumikiza, koma yesani yanuyo kaye.

Poti mumaphunzitsa Chichewa: ŵ uja salembeka movuta. Mukatsegula chotchedwa Compose key m'makonzedwe a kiyibodi n'kusankha kiyi yoti izigwira ntchitoyo, mumadina kiyiyo, kenako ^, kenako w. Mu Word mumalemba 0175 n'kudina Alt ndi X.

Yamikani K.
Kuwonjezera pa zimene anena mayiwa, Linux Mint 22 idamangidwa pa Linux ina yotchedwa Ubuntu 24.04 ndipo izilandira zotetezera mpaka 2029. Ubuntu adaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu womwewu timanena kwathu kuno. Fayilo yake yoikira ndi pafupifupi 3GB, choncho kokerani pamene pali Wi-Fi. Ubwino wake mutha kuiyesa osafufuta kanthu. Muiike pa fulashi ya 8GB, poyatsa ThinkPad dinani F12, sankhani fulashiyo. Idzatseguka kuchokera pa fulashi pomwepo, muyese Wi-Fi, mawu, pulinta ya ahedi ndi fayilo yanu ya malikisi. Mukazula fulashi Windows yanu ili chikhalire.

Mphatso wa ku Zomba
Funso langa kwa madamu: pali pulogalamu ina ya kuntchito imene mumakakamizidwa kugwiritsa ntchito? Photoshop, AutoCAD ndi zina zotero sizidapangidwire Linux. Ngati zonse ndi kulemba, Excel, intaneti ndi mavidiyo, palibe chokuletsani.

Wofunsa
Zikomo nonse, mwanditsegula maso. A Mphatso, ayi, zanga ndi Word, Excel ndi WhatsApp ya pa kompyuta basi. A Chikondi, nanga za Activate zija zikutanthauza kuti adandiikira yakuba? Zikundidetsa nkhawa chifukwa muli mayina ndi malikisi a ana a eni.

Chikondi M.
WhatsApp mudzatsegula pa Firefox kapena Chrome, imagwira. Za Activate, mwina si yakuba. Ma ThinkPad ambiri a nthawi imeneyo amabwera ndi kiyi ya Windows (nambala ya chilolezo chake) yosungidwa m'kati mwa makina momwemo, nthawi zambiri ya mtundu wa Pro. Wokonza akaika mtundu wina, kiyiyo siigwirizana nawo. Lowani mu Settings, System, About, mutiuze zalembedwa pa Edition ndi Version. Ikakhala yovomerezeka ndipo ndi 22H2, pali dongosolo la Microsoft lotchedwa ESU lopereka zotetezera mpaka 13 Okutobala 2026, limafuna akaunti ya Microsoft. Limangokugulirani nthawi.

Ndikadakhala ine, sindikadasintha chilichonse mayeso asanathe. Lero lomwe koperani mafayilo anu onse pa fulashi ina, ndipo ofunikitsitsa muwaikenso pa Google Drive. Mukatsekera sukulu gulani SSD, muikemo Mint, hadi disiki yakaleyo muisunge mu kabati ndi Windows yake momwemo. Mint ikakukanikani, mungobwezera yakaleyo.

Wofunsa
Ndayang'ana. Pa Edition palembedwa Windows 10 Enterprise, Version 21H2. Mafayilo ndayamba kukopera panopa, magetsi akadalipo. Mayi Nachisale, ndikakoka Mint Loweruka ku boma ndikufunsani pompano za Compose key ija. Paja Mint ili m'mitundu itatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce, pa makina angawa ndikoke iti?

Mayi Nachisale
Cinnamon, anzanga. Ndi RAM ya 8GB iyenda bwino. Xfce ndi ya makina ofooka kuposa anuwo.