Ndalama zathu: chipilala cha msilikali wa ku Burma kapena denga la laibulale?

Wapampando: Abale, ndalama zomwe tinasonkha zija zili ndi maganizo awiri. Ena akuti timange chipilala cha msilikali wa kwathu amene anafera ku Burma mu 1944, ena akuti tifolere laibulale ya pasukulu. Mdzukulu wawo ali pagulu pano, ayambe ndi iwo.

Mdzukulu wa malemu: Zikomo a Tcheya. Agogo analowa Keyala atangokwatira kumene. Usilikali anaphunzira ku Zomba, m'gulu la King's African Rifles. Mu 1941 anamenyana ndi Ataliyana ku Ethiopia, kenako anawakweza sitima ya pamadzi kupita ku Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu 1944 analowa m'chigwa cha Kabaw, mvula ili pakati, kupirikitsa Ajapani cha ku mtsinje wa Chindwin. Mnzawo amene anabwerako ankatiuza kuti matope ankalekeza m'mawondo, magalimoto ankatitimira, chakudya ankachita kuwaponyera ndi ndege, ndipo malungo ankagwetsa anthu tsiku ndi tsiku. Agogo anawomberedwa asanafike kumtsinjeko. Kuno kunangobwera kalata. Agogo aakazi sankatha kuwerenga, anawawerengera ndi aphunzitsi a pamishoni, ndipo anaisunga m'Baibulo mpaka imfa yawo. Bambo anga anakalamba opanda poloza kuti apa pagona atate anga.

Achimwene a ku Joni: Pepani amalume, nkhaniyi ndi yowawa, koma ndinene chilungamo. Nkhondo imeneyo inali ya atsamunda. Ana athu akusowa powerengera, ife n'kumaumba simenti yokumbukira nkhondo ya Angerezi?

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, zimene ukunenazo John Chilembwe anazinena kale mu 1914, pa nkhondo ya Chiwaya, yomwe ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, podandaula kuti anthu osauka a kuno akukhetsa magazi pa nkhondo yosawakhudza, n'kusiya akazi amasiye. Ine ndikuti ndiye chifukwa chake dzinalo lilembedwe kuno. Ku Taukkyan, kufupi ndi mzinda wa Yangon ku Burma komweko, kuli chikumbutso cha asilikali pafupifupi 27,000 opanda manda odziwika. Ndani wa ife adzafikeko? Sitikulemekeza mtsamunda ayi, tikulemekeza mwana wa m'mudzi muno amene anatengedwa osabwerera.

Msungichuma: Ine ndilankhule za m'thumba. Ndalama sizikwana zonse ziwiri. Laibulale yatsala malata, mitengo ndi mawindo, ndipo ikadutsanso mvula ina yopanda denga njerwa zija ziyamba kugwa. Bwanji tiifolere, tiitche dzina la malemu, pakhoma tikhomepo mwala wolembapo mbiri yawo?

Mdzukulu wa malemu: Mayi, dzina palaibulale ndi ulemu waukulu, sindikukana. Koma banja likufuna malo poti mu Novembala, anzathu akamaika nkhata ku chipilala cha ku Zomba, nafenso tiime penapake. Mwalawo ukhale panja, osati m'kati momwe amakhoma ndi loko.

Achimwene a ku Joni: Ngati denga likuyamba, ine ndilibe mawu. Ndiwonjezera ya mawindo.

Azakhali a ku Lilongwe: Musaiwale kuti sanapite okha. Agogo a amayi anga anamwalira ali mtengatenga pa nkhondo ya Chiwaya, akusenza katundu wa asilikali, ndipo dzina lawo silinalembedwe paliponse. Mwalawo ukhale ndi malo a enanso. Tifunse a mfumu ndi akuluakulu akadali moyo.

Mlembi: Ndalemba. Amalume, kalata ija ikadalipo? Muijambule mutumize. Ngati pali nambala ya usilikali, ndifufuza pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali ofera ku nkhondo, kuti tsiku ndi dzina la gulu lawo tisalembe zolakwika.

Mdzukulu wa malemu: Ilipo, ili kwa achemwali anga. Inadyeka m'mphepete koma nambala ikuwerengeka.

Wapampando: Chabwino. Amene mukugwirizana ndi denga loyamba ndi mwala wapanja, lembani "eya" pofika Lamlungu. A Msungichuma, mufunse mtengo wa mwala woti ukwane mayina angapo.