Felemu yachitsulo kapena ya aluminiyamu pa njinga yonyamulira katundu?

Wa_ku_Mitundu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna njinga yakapalasa yoti izinyamula matumba a chimanga, nthawi zina kabaza, msewu wake wafumbi. Pamsika pali yakaunjika ya magiya, felemu ya aluminiyamu, yopepuka bwino. Palinso zachitsulo zolemera zija. Nditenge iti?

Makaniko_Njinga:
Tengani yachitsulo, achimwene. Funso lenileni ndi lakuti: ikadzathyoka adzaikonza ndani?

Chitsulo chikalemedwa chimayamba chapindika, ndiye mumaona msanga. Chikang'aluka, wowotcherera wa pa msika uliwonse amalumikiza. Aluminiyamu imatopa mwakachetechete ndi mabampu, kamng'alu kamayambira m'mphepete mwa pomwe anawotcherera kufakitale, tsiku lina n'kungoduka. Kuilumikiza kumafuna makina apadera owotcherera otchedwa TIG ndi gasi wa argon. Komanso mafelemu ambiri a aluminiyamu ndi a mtundu wotchedwa 6061, womwe umafewa pamalo pomwe padutsa moto, ndipo kuti ubwerere mphamvu felemu yonse iyenera kulowa mu uvuni wapadera. Popanda zimenezo imadzang'alukanso pambali pa chigambacho.

Za kupepukazi musatengeke nazo. N'zoona kuti chitsulo chimalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu ya kukula kofanana, koma mapaipi a aluminiyamu amawapanga onenepa kuti asamagwedere, choncho felemu ziwirizi zimangosiyana ndi kilogalamu imodzi kapena iwiri. Mukakweza thumba la makilogalamu 50, kusiyanako simukumvanso.

Nambewe_Sipeya:
Ndiwonjezere za kaliyala, poti ndi pomwe anthu amapwetekera. Kaliyala wa njinga za magiya amamangidwa ndi timabawuti ta mamilimita 5, ndipo ambiri anawapangira katundu wosapitirira makilogalamu 25. Mukaikapo munthu, mazinga a m'timabowo ta aluminiyamu amadyeka, bawuti n'kuyamba kuzungulira chabe. Yerekezani ndi njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief: felemu yachitsulo, kaliyala wake anamupangira makilogalamu 100.

Pogula tengani kamaginito, ngakhale ka sipika yakutha. Kakamamatira ndi chitsulo, kakagwa ayi. Mukaona pa felemu palembedwa Cr-Mo kapena 4130, chimenecho n'chitsulo cholimba koma chopepukirapo, chabwino kuposa cholembedwa Hi-Ten.

Makaniko_Njinga:
Zoona mayi, koma Cr-Mo ili ndi pake. Mapaipi ake ndi opyapyala, ena osakwana milimita imodzi. Mukapita nayo kwa wowotcherera mageti ndi ndodo zamagetsi, amangoboola. Muuzeni agwiritse moto wa gasi ndi waya wa burasi, atayamba wapala penti ndi dzimbiri mpaka chitsulo chiwale.

Mkulu_wa_Dampa:
Chitsulo mdani wake ndi dzimbiri, ndipo loopsa ndi la m'kati, losaoneka. Madzi a mvula amalowera pa paipi ya chishalo n'kukadikha pansi, pomwe pamazungulira mapedulo. Musanalipire zulani chishalo, tembenuzani njinga. Mukatuluka madzi ofiira kapena zinyenyeswa, isiyeni. Pendaninso kunsi kwa paipi yotsika kuchokera ku mahandulo: penti ikakhala yakwinyika pamenepo, njingayo inagundapo chinthu, ndipo mwina foloko nayo inabwerera m'mbuyo.

Mukagula, dzinja lisanayambe thirani oyilo pang'ono, supuni ziwiri zakwana, m'paipi ya chishalo, n'kupendeketsa felemu uku ndi uku kuti afike ponse. Paipi yonyamula chishalo, yolowa m'felemuyo, ipakeni girisi kamodzi pachaka, makamaka ikakhala ya aluminiyamu pa felemu yachitsulo, chifukwa ziwirizi zikanyowa zimagwirana moti kuzula kwake mpaka kucheka.

Ndipo pa ntchito mwatchulayi choyamba kufa si felemu, ndi wilo lakumbuyo. Werengani masipoko, akwane 36, onenepa, ndipo sabata ziwiri zoyambirira zikatha kawakungitseni, poti atsopano amakhwefuka akayamba kulawa katundu.